Mmene mungagonere pa hotela yaing'ono yotsika mtengo mumzinda wa Tokyo

Ambiri a ife tikamapita ku Japan sitipita kukaona malo ayi. Wina waitanidwa ku maphunziro a milungu iwiri, wina ku msonkhano, wina akukaonana ndi kampani imene imamutumizira magalimoto, wina ndi wophunzira amene wafika chipinda cha kusukulu chisanatsegulidwe. Onsewa nkhawa yawo ndi imodzi: kokagona kopanda kumaliza ndalama za m'thumba. Malo otere alipo ambiri, ndipo ndi aukhondo komanso otetezeka kuposa mmene mtengo wake ungakuganizitsireni. Koma ali ndi kachitidwe kawo, ndipo kachitidweko sikasinthira mlendo. Ukakadziwa usanakwere ndege, umagona tulo tabwino. Ukapanda kukadziwa, umataya ndalama pa zinthu zing'onozing'ono zimene ukanazipewa.

Choyamba: sankhani siteshoni, hotela ibwere pambuyo

Ku Tokyo munthu sayenda pa takisi pokhapokha zitavuta. Moyo wonse umayenda pa sitima. Choncho musanaone zithunzi za zipinda, lembani malo amene muzikapitako tsiku ndi tsiku, mupeze njanji imene imadutsa pamenepo, kenako mufunefune hotela imene ili pa njanji yomweyo. Kusintha sitima kawiri m'mawa uliwonse pakati pa chikhamu cha anthu kumatopetsa kuposa kugona m'chipinda chopanikiza.

Njanji imene muyenera kuidziwa bwino ndi ya Yamanote. Imazungulira pakati pa mzinda ngati chibangili, ili ndi masiteshoni 30, ndipo kuizungulira yonse kumatenga pafupifupi ola limodzi. Malo otchuka ngati Shinjuku, Shibuya ndi Ginza ndi odula. Zipinda zotsikirapo zimapezeka ku Ueno, Asakusa, Kanda, Ikebukuro, Kinshicho ndi Kamata. Ngati mukutsikira pa bwalo la ndege la Narita, Ueno ndi Asakusa ndiwo abwino chifukwa sitima za Keisei zimafika kumeneko mosasintha. Ngati mukutsikira ku Haneda, bwalo lina la ndege la mzindawu, Kamata ili pafupi kwambiri.

Tsamba lililonse la hotela limanena kuti kuchokera pa siteshoni mudzayenda mphindi zingati. Ine sindipitirira mphindi zisanu ndi ziwiri. Mphindi khumi ndi zisanu zimaoneka zochepa uli pakhomo, koma uzikoke sutikesi mvula ya mu Juni ikugwa, kapena m'kutentha kwa Ogasiti kofanana ndi kwa ku Nsanje kophatikiza chinyontho, ndi pamene umadziwa kuti 1,000 yen imene unapulumutsa ija siinali phindu.

Chachiwiri: dziwani mtundu wa malo amene mukusungitsa

Mawu akuti hotela kumeneko amaphimba zinthu zosiyana kwambiri.

Imene ndikukulimbikitsani ndi imene eni ake amati bijinesu hoteru. Anaikonzera anthu apantchito amene atumidwa mzinda wina ndipo akungofuna pogona, posamba ndi polembera. Chipinda cha munthu mmodzi chimakhala cha masikweya mita 10 mpaka 13, chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chakechake. Makampani odziwika ndi Toyoko Inn, APA Hotel, Super Hotel, Route Inn ndi Dormy Inn, koma palinso mahotela ambiri a mabanja amene alibe nthambi kwina. Toyoko Inn inayambira ku Kamata komweko mu 1986, ndipo dzina lake analiphatikiza kuchokera ku Tokyo ndi Yokohama. Ubwino wa makampani akuluakuluwa ndi woti chipinda cha ku Tokyo ndi cha ku Osaka zimafanana pafupifupi chilichonse, ndiye ukazolowera kamodzi wamaliza.

Pali mahotela a kapusolo, amene anayambira ku Osaka mu 1979. Pamenepo simupeza chipinda koma kabokosi kogonamo, kotalika mamita awiri, m'lifupi ndi m'mwamba pafupifupi mita imodzi, kosanjikizana ndi tinzake. Kamatsekedwa ndi katani, kalibe loko, katundu amakhala m'lokala kwina. Amuna ndi akazi amagona m'nsanjika zosiyana, ndipo ena salandira akazi n'komwe. Usiku umodzi n'zotheka. Mlungu wathunthu muli ndi masutikesi awiri ndi laputopu ya kuntchito, musayese.

Kumpoto kwa Asakusa, pafupi ndi siteshoni ya Minami-Senju, kuli dera limene anthu amalitchabe Sanya. Kale kunkagona amuna aganyu, omanga misewu ndi nyumba za mzindawu, m'tizipinda tolipira tsiku ndi tsiku. Kuyambira nthawi ya mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2002, zina mwa nyumbazi zinayamba kulandira alendo akunja. Chipinda chimakhala cha mphasa zitatu za tatami, pafupifupi masikweya mita asanu, mumagona pansi pa matiresi opinda, bafa ndi chimbudzi n'zogwiritsa ntchito anthu onse. Ndi malo otsika mtengo kwambiri amene mungapeze muli ndi chitseko chanuchanu, ndipo ena ali ndi kakhitchini. Kwa wophunzira amene akuwerenga kobiri lililonse, ndi malo oyenera kuwaganizira.

Pali mtundu wina woti muuzindikire kuti musasochere. Mukaona hotela yokhala ndi chikwangwani panja cholemba mitengo iwiri, wa maola ochepa ndi wa usiku wonse, khomo lake lobisika, imeneyo ndi ya zibwenzi. Zina zimapezeka pa intaneti pa mtengo wokopa, zitalembedwa kuti ndi za akuluakulu okha. Zidutseni.

Chachitatu: kusungitsa malo, ndi timawu timene timapweteketsa

Mutha kusungitsa pa Booking.com, Agoda kapena Rakuten Travel, koma yerekezani ndi tsamba la hotelayo, chifukwa nthawi zina kumeneko kumatsikirapo. Sankhani chipinda chimene mungathe kuchibweza osalipira kanthu. Izi n'zofunika chifukwa popempha viza ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, kapena m'dziko limene mukukhala, mumalemba ndondomeko ya ulendo yosonyeza kumene mudzagone tsiku lililonse. Mumasungitsa viza isanatuluke, ndiye musamangirire ndalama pa chinthu chimene masiku ake angasinthe.

Mitengo imasintha tsiku ndi tsiku. Usiku wa Loweruka ndi wodula, wa Lamulungu ndi wotsika. Nyengo zoti muzipewe ngati mungathe ndi kumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo pamene maluwa a sakura amaphuka, tchuthi cha Golden Week kuyambira pa 29 Epulo mpaka pa 5 Meyi, pakati pa Ogasiti pamene anthu amakumbukira makolo awo pa mwambo wa Obon, ndi Chaka Chatsopano. Masiku anu akagwera m'nyengo zimenezi, sungitsani miyezi iwiri kapena itatu zisanafike.

Tsopano timawu. Onetsetsani kuti chipinda ndi cha anthu osasuta. M'Chijapani amati kin'en, amalemba 禁煙. Cha osuta amalemba 喫煙. Zilembo ziwirizi zimafanana kwa munthu wosazolowera, ndipo zipinda za osuta ndizo zimatsala zina zikatha. Ulendo wina ndinatenga chipinda chomaliza pa hotela ina osawerenga bwino. Chinali chosesedwa bwino lomwe, koma fungo la fodya linali litalowerera m'makatani ndi m'matiresi, ndipo linanditsatira m'zovala mpaka kumsonkhano. Kusintha sikunatheke chifukwa hotela inali yodzaza.

Chachiwiri ndi bedi. Amene amamutcha semi-double ndi wa masentimita pafupifupi 120 m'lifupi. Kwa munthu mmodzi ndi wabwino, kwa banja la anthu awiri a matupi athu ndi wopanikiza. Ngati muli awiri, funani chipinda cha mabedi awiri kapena bedi wa masentimita 140 kupita m'mwamba. Lembani chiwerengero chenicheni cha anthu. Mtengo umadalira anthu ogonamo, ndipo kulowetsa munthu wachiwiri m'chipinda cha mmodzi amakutenga ngati kuba.

Chachitatu ndi nthawi yofika. Ndege zochokera kwathu, monga ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa ndi Incheon ku South Korea, zimatha kufika ku Narita madzulo, ndipo pofika m'tauni usiku wapita kale. Mahotela aang'ono ena amatseka kauntala pakati pa usiku kapena kusanafike pamenepo. Lembani nthawi imene mukuyembekeza kufika, ndipo ndege ikachedwa tumizani uthenga. Mukangokhala chete amaona ngati simubweranso, amakudulani mtengo wonse wa usikuwo, chipinda n'kupereka kwa wina.

Chachinayi: kulongedza

Chepetsani katundu. M'chipinda cha masikweya mita 11 sutikesi yaikulu imatsegukira pabedi pokha. Imodzi yapakatikati ndi kachikwama kakumsana n'zokwanira.

Musavutike ndi thaulo, sopo, mswachi, masilipasi kapena chovala chogonera, zonsezi mukazipeza. Zimene simukazipeza mosavuta ndi mafuta odzola okwanira khungu lathu, makamaka m'nyengo yozizira pamene mpweya umauma kwambiri, komanso mafuta a tsitsi ndi chipeso choyenera. Nyamulani zimenezi.

Magetsi a ku Japan ndi a 100 V, ndipo soketi yake imalowa pulagi ya timano tiwiri tophwatalala. Pulagi yathu ya mano atatu siilowa. Gulani adaputala musananyamuke kapena pa bwalo la ndege, chifukwa zambiri zimene mungapeze m'masitolo a 100 yen anapangira Ajapani opita kunja, zimagwira mobwerera. Tchaja cha foni ndi laputopu cholembedwa 100–240 V chimagwira bwino. Simbi ndi ketulo za kwathu zisiyeni, sizitentha mokwanira.

Nyama ya mtundu uliwonse, yowamba, yophika kaya soseji, saloleza kulowa nayo, chimodzimodzinso zipatso zambiri zaziwisi, ndipo pa bwalo la ndege pamakhala agalu onunkhiza. Ndikudziwa kuti apakhomo amakonda kukulongedzerani kamba, koma pa ulendo uwu akanizeni mwaulemu. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku nyamulani m'mapaketi ake ndi kalata ya dokotala. Okwana mwezi umodzi amaloledwa, opitirira pamenepo amafuna chilolezo chopempheratu. Mankhwala ena a chimfine ndi opha ululu amene kwina amagulidwa mosavuta, kumeneko ndi oletsedwa, ndiye funsani kaye.

Kwacha simungaisinthe ku Japan. Nyamulani madola kapena khadi la Visa kaya Mastercard limene banki yanu yalitsegulira kugwira ntchito kunja. Makina otapira ndalama a m'masitolo a 7-Eleven ndi a ku positi ofesi amalandira makhadi akunja.

Chachisanu: kuchoka pa bwalo la ndege kukafika pakhomo

Musanatuluke pa bwalo chitani zinthu zitatu. Pezani intaneti ya pafoni, kaya ndi simukhadi kaya eSIM (simukhadi yoikidwa m'foni kudzera pa intaneti). Tapani ndalama, zosachepera 20,000 yen, chifukwa malo aang'ono ena amalandira ndalama zamanja zokha. Gulani khadi la sitima la Suica kapena Pasmo, limene mumaikamo ndalama n'kumangoligunditsa pachipata. Lomwelo mumagulira chakudya m'masitolo. Pali la alendo lotchedwa Welcome Suica, limene limagwira masiku 28, koma ndalama zotsalamo sabweza.

Narita ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchoka pakati pa mzinda. Takisi imapitirira 20,000 yen, kutanthauza mtengo wa masiku awiri ogona. Sitima yothamanga ya kampani ya Keisei, yotchedwa Skyliner, imafika ku Ueno m'mphindi 41 pa mtengo wopitirira pang'ono 2,500 yen. Sitima wamba ya kampani yomweyo imachedwerapo koma mtengo wake sufika theka la umenewo. Sitima zimasiya kuyenda cha pakati pa usiku, n'kuyambanso cha m'ma 5 koloko m'mawa. Izi muzizikumbukira masiku onse amene muli kumeneko.

Chimene chimasocheretsa anthu si sitima koma khomo lotulukira pa siteshoni. Masiteshoni akuluakulu ali ndi makomo ambiri, ya Shinjuku ili ndi opitirira 200, ndipo mukatulukira lolakwika mumapezeka kutsidya kwa njanji, kutali ndi kumene mukupita. Tsamba la hotela limanena khomo loyenera, monga A3 kapena lakum'mawa. Lilembeni papepala. Onaninso ngati khomolo lili ndi chikepe, chifukwa ena ndi masitepe okhaokha.

Misewu yambiri ilibe mayina. Keyala imatchula dera, kenako manambala atatu: chigawo, mdadada ndi nyumba. Sungani m'foni chithunzi cha dzina ndi keyala ya hotela m'zilembo za Chijapani. Mukasokonezeka, pafupi ndi siteshoni iliyonse yaikulu pali kapolisi kakang'ono kotchedwa koban. Kulozera anthu njira ndi mbali ya ntchito yawo. Yambani ndi mawu akuti sumimasen, onetsani chithunzicho. Safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chimodzi: pa kauntala

Nthawi yolowa m'chipinda kawirikawiri ndi 3 koloko masana, yotuluka 10 koloko m'mawa. Nthawi imeneyi ndi yeniyeni. Mukafika 1 koloko, ngakhale chipinda chitakonzeka, wolandira alendo adzakupepesani mwaulemu wonse koma kiyi sadzakupatsani, kapena adzakuuzani mtengo wolowera msanga. Musakangane naye, alibe mphamvu yosintha. Chimene adzachite mosanyinyirika ndi kukusungirani katundu kwaulere. Msiyireni, tengani kachikwangwani ka nambala, mukadye.

Adzakupemphani pasipoti n'kuijambula. Si kuti akukukayikirani chifukwa cha khungu lanu. Kuyambira 2005 lamulo limafuna kuti mlendo aliyense wakunja amene alibe keyala ya ku Japan aonetse pasipoti pa malo ogona. Ikabwerera m'manja mwanu, muziyenda nayo paliponse, chifukwa lamulo limafunanso zimenezo ndipo apolisi ali ndi ufulu wokufunsani pamsewu.

Mahotela otsika mtengo ambiri amalipiritsa polowa, masiku onse pamodzi, nthawi zina pa makina oima pambali pa kauntala. Ndalama kapena khadi muziika m'kambale kamene kali pakauntalapo, osati m'manja mwa munthu. Pakhoza kukhala kamsonkho ka malo ogona. Tokyo inakayambitsa mu 2002, pa mlingo wa 100 yen kapena 200 yen pa munthu usiku uliwonse chipinda chikafika 10,000 yen, ndipo Osaka ndi Kyoto ali ndi milingo yawoyawo. Ndalama yothokozera wantchito sapereka, ngakhale kwa wokonza m'chipinda. Mukasiya amakuthamangirani nayo poganiza kuti mwaiwala. Kunena kuti arigato gozaimasu mutaweramitsa mutu pang'ono n'kokwanira.

Inu amene mwatumidwa ndi ofesi, mawu oti muwasunge ndi ryoshusho. Limeneli ndi risiti lovomerezeka lolembedwa dzina lanu kapena la bungwe lanu. Lipempheni pa nthawi yolipira. Dziwani kuti ngati munalipiriratu pa intaneti, hotela siingakulembereni, risiti mudzalitenga pa tsamba limene munalipirapo.

Musanakwere chikepe yang'anani pafupi ndi kauntala. Pamakhala shelefu ya miswachi, malezala, tiyi, nthawi zina zovala zogonera ndi mapilo. Tengani zimene mukufuna, chifukwa m'chipinda mwina mulibe. Funsaninso nthawi ya kadzutsa ndiponso ngati chitseko chachikulu chimatsekedwa usiku. Kumeneko pansi penipeni pa nyumba amati 1F, ndiye chipinda 305 chili nsanjika ziwiri zokha kuchoka pansi.

Chachisanu ndi chiwiri: mphindi khumi zoyamba m'chipinda

Mukatsegula chitseko magetsi n'kukana kuyaka, pakhoma pali kabowo koikamo khadi kapena ndodo ya kiyi. Ikani, zonse ziyaka. Mukalichotsa potuluka masoketi ambiri amazima, ndiye musadalire kuti foni yosiyidwa pa tchaja mudzaipeza yodzaza.

Vulani nsapato muvale masilipasi. Ngati pansi pali tatami, ngakhale masilipasiwo sapondapo, ndipo matayala a sutikesi asakwerepo.

Kenako, musanakhale pansi, werengani mapu amene ali kuseri kwa chitseko. Tulukani muone kumene kuli masitepe othawira, pamene pali chikwangwani chobiriwira cha munthu akuthamanga, muwerenge zitseko kuchoka pa chanu. Pezani tochi, imakhala pansi pa tebulo kapena pambali pa bedi, ndipo imayaka yokha mukaisolola. Chifukwa chake ndinena m'munsimu.

Chipinda mudzachiona kuchepa. Bedi, katebulo, mpando, kafiliji, ketulo, kanema, mahang'ala atatu pakhoma, basi. Zenera mwina likuyang'ana khoma la nyumba ina, mwinanso silitseguka. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti palibe chosagwira ntchito. Madzi otentha amatuluka nthawi ina iliyonse, magetsi sathima, nsalu zapabedi ndi zoyera. Pansi pa bedi nthawi zambiri anasiya mpata wolowetsa sutikesi. Tulutsani za tsiku lotsatira, zina zonse mukankhire m'menemo, mudzaona kuti malo akwana. Kafiliji kena kamakhala kozimitsa, batani lake lili mkati. M'nyengo yozizira bwerekani makina onyowetsa mpweya pa kauntala, kapena yanikani thaulo lonyowa, apo ayi mudzadzuka kukhosi kuli gwa.

Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Chachisanu ndi chitatu: bafa

Bafa ndi kabokosi kapulasitiki kokhala ndi chimbudzi, sinki ndi beseni lalifupi koma lakuya. Pakhomo pake pali chopunthwitsa, samalani usiku. Katani ilowe mkati mwa beseni posamba, ndipo chitseko mutseke, chifukwa nthunzi ikatulukira m'chipinda imatha kuliza belu la moto. M'mahotela akale mpopi umodzi umatumikira sinki ndi shawa, mumasintha ndi kachitsulo. Yesani madzi ndi dzanja kaye.

Chimbudzi chili ndi mabatani. Wogejemula amalemba 大 kutanthauza madzi ambiri, 小 ochepa. Ena ndi otsukira, ndipo woimitsa amalemba 止. Musawadine muli chiimire. Pepala la kuchimbudzi limapita m'chimbudzi momwemo.

Mahotela ena, monga a Dormy Inn, ali ndi bafa lalikulu la anthu onse. Khomo la amuna amalemba 男, la akazi 女. Mumavula zonse, n'kukhala pa kampando, kusamba ndi sopo, kutsukuluza thovu lonse, kenako n'kulowa m'madzi otentha kukangokhala. Thaulo silikhudza madziwo, foni siilowa, ndipo malo ambiri salola munthu wa zojambula pathupi. Amene munakulira kosamba kumtsinje kapena kunyanja, amuna dooko lawo akazi lawo, simudzaona chachilendo kwenikweni. Mutatha maola oposa makumi awiri paulendo, madzi amenewo amachotsa kutopa kuposa china chilichonse.

Chachisanu ndi chinayi: kudya

Kadzutsa waulere amapezeka ku Toyoko Inn ndi kunthambi zambiri za Super Hotel: mpunga, msuzi wa soya wotchedwa miso, ndiwo zamasamba, nthawi zina buledi. Pitani msanga, idyani mokhuta, mbale mubweze nokha pamalo ake, ndipo musanyamule chakudya kupita nacho.

Zakudya zina mudzazipeza ku konbini, timasitolo ta 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, timene tambiri sititseka usiku. Muli mibulu ya mpunga yotchedwa onigiri, mazira owiritsa, nthochi, nkhuku yokazinga ndi chakudya cha m'mabokosi chimene amakutenthetserani pomwepo. Ku Yoshinoya, Sukiya ndi Matsuya mumadya mpunga wa nyama ya ng'ombe pa ndalama yochepa. Koma nzeru yeniyeni ndi kupita ku supamaketi ya m'dera cha m'ma 8 koloko usiku, pamene amamata timapepala totsitsa mtengo pa zakudya zophikaphika. Kolembedwa 半額 ndiye kuti theka la mtengo.

Abale achisilamu, a Seventh Day ndi ena osadya nkhumba, samalani kwambiri. Nkhumba imabisala m'misuzi, m'zakudya za ramen (manudozi a m'msuzi), ngakhale m'zooneka ngati zamasamba zokha. Chilembo chake ndi 豚. Jambulani mndandanda wa zosakaniza ndi foni kuti ikumasulireni.

Chilakolako cha nsima chidzabwera cha tsiku lachinayi. Chonde, ketulo ya m'chipinda ndi yowiritsira madzi basi. Kuphika m'chipinda n'koletsedwa. Ngati mukhalitsa ndipo simungapirire, sankhani malo okhala ndi khitchini kuyambira pachiyambi.

Chakhumi: kukhala bwino ndi anzanu a m'zipinda zina

Makoma ndi opyapyala, ndipo woyandikana nanu akudzuka 6 koloko kupita kuntchito. Vuto lathu lenileni ndi nthawi. Japan ili patsogolo ndi maola asanu ndi awiri, kotero apakhomo akamaweruka 5 koloko madzulo, kwa inu ndi pakati pa usiku. Foni ya pa WhatsApp imalira nthawi imeneyo, ndipo ife tikamalankhula ndi abale sitinong'ona. Panganani kuti muziyankhulana cha m'ma 7 kapena 8 koloko madzulo a ku Tokyo, pamene kwathu ndi nthawi ya nkhomaliro. Mukalephera, valani zam'makutu mutsitse mawu. M'sitima anthu salankhula pafoni n'komwe.

Mlendo wanu, kaya ndi m'bale wokhala ku Japan komweko, salowa m'chipinda. Chezerani pansi pofikira alendo kapena kunja. Kwa ife kulandirira munthu pakhomo osamulowetsa kumaoneka ngati mwano, koma amene wakhalako akudziwa ndipo sadzakhumudwa.

Kuchapa n'kosavuta. Mahotela ambiri ali ndi makina oponyamo ndalama zachitsulo, ndiye sungani za 100 yen. Chotsani zovala nthawi ikangokwana, makina ndi ochepa. Mumsewu mulibe mabini ambiri, zinyalala muziyenda nazo mpaka ku hotela, mabotolo ndi zitini muike padera. Fodya amasutira m'malo oikidwa okha, ndipo m'madera ambiri a mzindawu kusuta uku ukuyenda pamsewu n'koletsedwa. Ngati simukufuna kuti alowe kukonza m'chipinda, kuseri kwa chitseko kuli kachikwangwani komata panja.

Nthaka ikagwedezeka

Amene munali ku Salima mu 1989 kapena ku Karonga mu 2009 mukudziwa mantha ake. Ku Tokyo tizivomezi ting'onoting'ono timachitika pafupipafupi, ndipo mukakhalako milungu ingapo mwina mudzamva kamodzi. Chikakhala chachikulu, mafoni amalira mokweza masekondi ochepa chisanafike. Musathamangire panja, kumeneko ndi kumene kumagwa magalasi ndi zikwangwani. Tetezani mutu ndi pilo kapena lowani pansi pa tebulo, mudikire chithe. Nyumba zomangidwa kuyambira 1981 zimatsata malamulo okhwima, ndipo kupendama kumene mumamva m'nsanjika zapamwamba ndi mmene anazipangira. Chikatha, tsegulani chitseko, valani nsapato, tengani pasipoti ndi tochi ija, mumvere zimene ogwira ntchito akunena. Chikepe musakwere. Nambala ya apolisi ndi 110, ya ozimitsa moto ndi ambulansi ndi 119. Amalawi, sungani nambala ya ofesi ya kazembe wathu, imene ili ku Takanawa.

Tsiku lotuluka

Longedzani usiku. M'mawa zinyalala zikhale m'bini, mathaulo onyowa m'beseni, masilipasi pakhomo. Chovala chogonera ndi thaulo ndi za hotela, mswachi ndi lezala ndi zanu. Yang'anani m'soketi, adaputala ndi imene anthu amaiwala kwambiri. Tsikani isanakwane 10 koloko, chifukwa kuchedwa amalipiritsa. Ngati munalipira kale, mumangopereka kiyi kapena kuiponya m'kabokosi.

Ndege ikakhala ya usiku, hotela idzakusungirani katundu mpaka madzulo. Ngati mukupita mzinda wina, monga Osaka, funsani pa kauntala za takkyubin. Kampani ngati Yamato, ya chizindikiro cha mphaka wakuda, imanyamula sutikesi n'kukaisiya pa hotela yotsatira mawa lake, inu n'kuyenda ndi kachikwama kokha. Yopita ku bwalo la ndege amafuna muitumize masiku awiri ndege isananyamuke.

Pewani kukwera sitima ndi katundu pakati pa 7:30 ndi 9:30 m'mawa. Werengani nthawi mobwerera kuchoka pa ndege: maola atatu a pa bwalo, ola limodzi ndi theka la ulendo wa ku Narita, ndi mphindi makumi awiri zosocherera pa siteshoni. Ndalama zachitsulo zimene zadzaza m'thumba palibe amene adzakusinthireni kwathu, ndipo imodzi ya 500 yen si yochepa. Zithereni pa konbini ya pa bwalo la ndege pamodzi ndi zotsala pa khadi la sitima, mugule madzi ndi timaswiti ta ana.